Galimoto Ikafooka pa Chitunda, Yambani Mwafufuza Mpweya

Alimi ambiri okhala mu mzinda wa Blantyre minda yawo ili kutali. Munthu amagona ku Chinyonga, ku Bangwe kapena ku Machinjiri, koma dimba lake lili ku Bvumbwe, khola la nkhuku lili ku Mpemba, mwinanso munda wa chimanga uli ku Lunzu kapena kumunsi kuja ku Chikwawa. Kwa mlimi wotere galimoto ndi khasu lachiwiri. Imanyamula feteleza popita, imanyamula zokolola pobwera, ndipo tsiku limene yadwala tomato amapsera m'madengu, mazira amakhalitsa m'mathileyi, kasitomala wa pa msika wa Limbe naye amapeza wina womugulitsa. N'chifukwa chake sabata ino tasiya kaye za mbewu ndi ziweto kuti tikambirane za nthenda ina ya injini imene yadyetsa alimi anzathu ndalama zambiri popanda chifukwa.

Ndiyambe ndi zimene zinandionekera ine mwini. Kagalimoto kanga ndi kaja kogula kogwiritsidwa kale ntchito kuchokera ku Japan, ka injini yaing'ono ya petulo yokhala ndi chipangizo chimene amakaniko amachitcha supercharger. Chilimwe china ndikuchokera ku Chikwawa, nditanyamula matumba ochepa chabe, ndinayamba kukwera mapiri aja ochoka ku Thabwa. Pa makona oyambirira zonse zinali bwino. Chapakati pa phiri ndinaona kuti ndikaponda mafuta injini imalira koma liwiro osakwera, ndipo kutsogolo kumamveka kaphokoso koti tswiii, kenaka n'kusiya. Minibasi zodzaza anthu ndi katundu zimandipitirira ngati ndaima. Ndinafika ku Chinyonga dzuwa litalowa, mtima uli m'mwamba.

M'mawa mwake ndinapita ku galaja ina m'tauni muno. Makaniko wa pamenepo atangomva nkhani yanga, asanatsegule n'komwe boneti, anandiuza kuti supercharger yatha ndipo ndiyitanitse ina kuchokera kunja. Mtengo umene anatchula unali wa mazira a miyezi ingapo. Ndinangoyankha kuti ndikaganize kaye.

Amene anandipulumutsa ndi bambo ena achikulire oyandikana nawo nyumba, amene pa unyamata wawo anakonzapo mathirakitala ndi malole pa esiteti ina ya tiyi. Iwo anandiuza kuti nditsegule boneti, natenga tochi, ndipo sipanathe mphindi khumi asanandionetse fumbi lakuda la mphira litamwazika pafupi ndi pule ya supercharger. Lamba anali wosalala, wonyezimira ngati nsapato yopolisha, ndipo kachitsulo komukungitsa kanali katafooka moti amakakankha ndi dzanja limodzi. Supercharger inalibe vuto lililonse. Lamba ndiye amaterereka nthawi imene injini ikufuna mphamvu. Tinakagula lamba ndi kachitsulo kaja ku Limbe, ndipo pofika masana galimoto inali itabwerera mwakale.

Kuti timvetse bwino, tikumbukire osula makasu ndi nkhwangwa. Makala okha sangafewetse chitsulo. Pamafunika mvukuto wouzira mpweya kuti moto ukolele. Injini nayo ndi moto wotsekeredwa m'chitsulo, ndipo mphamvu yake imadalira kuchuluka kwa mpweya umene walowa kuti mafuta apse. Injini wamba imakoka mpweya yokha monga munthu akupuma. Injini ya supercharger kapena ya turbo ili ndi mvukuto wake umene umakankhira mpweya mkati mwamphamvu, kotero kuti injini yaing'ono imagwira ntchito ya injini yaikulu. Mphamvu ya kukankha kumeneku ndi imene amakaniko amati boost, ndipo amayeza mu bar monga mmene timayezera mpweya wa m'matayala. Tayala la galimoto yaing'ono limalandira pafupifupi 2 bar, pamene supercharger ya galimoto wamba kawirikawiri sifika ngakhale 1 bar.

Nzeru imeneyi si yachilendo. Abale awiri a ku Indiana m'dziko la America, Philander ndi Francis Roots, analembetsa makina awo ouzira mpweya mu 1860, ndipo poyamba ankagwira ntchito yokoleza ng'anjo zosungunulira chitsulo. Supercharger zambiri za m'magalimoto mpaka lero zimatsata kapangidwe kawo. Turbo inabwera pambuyo, pamene Alfred Büchi wa ku Switzerland anailembetsa mu 1905. Kusiyana kwa ziwirizi n'kofunika kukudziwa chifukwa nthenda zake zimasiyananso: supercharger imazunguliridwa ndi lamba wochokera ku injini, pamene turbo imazunguliridwa ndi utsi wotuluka ku ekizozi.

M'misewu yathu muno, galimoto za Mercedes-Benz zolembedwa kuti Kompressor kumbuyo, monga C180 ndi C200 za m'zaka za m'ma 2000, zili ndi supercharger. Mitundu ina ya Nissan Note yopangidwa kuyambira 2012 nayo ili nayo. Koma mapikiapu amene alimi ambiri amayendera, monga Toyota Hilux D-4D, Isuzu KB ndi Mitsubishi L200 za dizilo, mitundu yake yambiri ndi ya turbo. Hilux yakale ya injini ya 5L ilibe chilichonse mwa ziwirizi, choncho mwini wake asavutike kufunafuna boost imene kulibe.

Choyamba pa kufufuza ndi kuyeza. Makaniko amene akukuuzani kuti mpweya wachepa asanauyeze akungolota. Pali njira ziwiri. Ina ndi kulumikiza geji ku paipi yolowetsa mpweya mu injini, ina ndi kulumikiza kamakina kowerenga kompyuta ya galimoto, kamene masiku ano kamapezeka m'magalaja ambiri a ku Ndirande, ku Limbe ndi kwina. Kompyuta ikaona kuti mpweya ukuperewera imasunga nambala ya P0299. Apa alimi anzanga muchenjere. Nambala imeneyi imangonena kuti mpweya wachepa, sinena kuti chawonongeka n'chiyani. Zili ngati kuona chimanga chachita chikasu: mwina ndi njala ya feteleza, mwina madzi achuluka, mwina ndi kaufiti. Kuthamangira kugula supercharger chifukwa cha nambala yokhayo kuli ngati kuthira feteleza m'munda wa kaufiti.

Kuyezaku kusachitike galimoto itaima pa galaja. Mukaponda mafuta galimoto ili pa nyutirolo injini imalira kwambiri koma ilibe katundu woti ikoke, motero boost imatuluka yochepa ngakhale zonse zili bwino. Muyenera kupita pa msewu, pa chitunda, ndipo Blantyre sasowa zitunda. Wina ayendetse, wina awerenge geji, kenaka mufananize ndi muyeso wolembedwa m'buku la galimoto yanuyo, pakuti injini iliyonse ili ndi muyeso wake.

Pali chinthu china chimene amakaniko ambiri amaiwala. Blantyre ali pamtunda wa mamita oposa pang'ono 1,000 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, pamene boma la Chikwawa lili pa mamita pafupifupi 100 okha. Mpweya wa kuno kumtunda ndi wopepuka ndi gawo limodzi mwa magawo khumi, kapena kuposerapo pang'ono, poyerekeza ndi wa kumunsi. Injini wamba imataya mphamvu pafupifupi 3 pa 100 iliyonse ikakwera mamita 300. Supercharger ya lamba imangochulukitsa mpweya umene yapeza, choncho nayo imaonetsa muyeso wotsikirapo pang'ono ku Chinyonga kusiyana ndi ku Nchalo, ndipo kumeneko si kudwala ayi. Turbo imayesetsa kubweza mbali ina ya mphamvu yotayikayo pozungulira mofulumira. Izi zimathandizanso kuyesa sensa yoyeza mpweya ya galimoto: mukayatsa kiyi koma injini osaliza, kamakina kaja kayenera kuwerenga pafupifupi 90 kPa kuno ku Blantyre ndi pafupifupi 100 kPa ku Chikwawa. Kakawerenga nambala yotalikirana ndi imeneyi, mwina sensa ndiyo ikunama ndipo mpweya ulipo wokwanira. Sensa imeneyi imakonda kumatidwa ndi mwaye ndi oyilo, makamaka mu injini za dizilo, ndipo nthawi zambiri kuitsuka ndi mankhwala ake kumakwanira.

Mukatsimikiza kuti mpweya ukuperewera, yambani ndi zotsika mtengo. Fyuluta ya mpweya ndiye woyamba kumufunsa mlandu. Galimoto ya mlimi siyenda pa tala pokha. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa imamwa fumbi la m'misewu ya kumudzi, ndipo nthawi yotonola chimanga imaima pafupi ndi mankhusu. Fyuluta ikatsekeka mvukuto ulibe chokoka. Itulutseni muiyang'anitse ku dzuwa. Ngati kuwala sikudutsa, gulani ina. Fyuluta ya pepala sachapa ndi madzi, ndipo kuimenyetsa pa tayala kumaing'amba timabowo tosaoneka. Ena amaichotseratu ati kuti injini ipume bwino. Mphamvu imabweradi kwa masabata angapo, koma mchenga umene ukulowawo umapala mkati mwa supercharger ndi mu injini momwe, ndipo mapeto ake ndi kutsitsa injini yonse.

Kenaka tsatani njira yonse imene mpweya umadutsa, kuchokera pa supercharger kapena turbo mpaka kukalowa mu injini. Apa ndi pamene mavuto ambiri amabisala, ndipo ndi pofunika kufatsa. Mpweya wopanikizidwa uli ngati madzi a mu paipi yothirira dimba: pakangokhala kabowo, kumapeto kumafika ochepa. Mapaipi a mphira amauma ndi kutentha n'kuyamba ming'alu, kawirikawiri cha kunsi kapena pa kona pamene maso saona. Mng'alu wina umatsekeka injini ikamalira pang'onopang'ono n'kutseguka pokhapokha mukaponda pa chitunda, ndiye muyenera kufinya paipi iliyonse ndi dzanja injini itazima ndi kuzizira. Onaninso zomangira zachitsulo za m'mapeto mwa mapaipi, chifukwa mabampu a m'misewu yathu amazimasula. Chizindikiro chabwino ndi dontho la oyilo losakanizika ndi fumbi pamalo amodzi. Mpweya wa m'mapaipiwa umakhala ndi kankhungu ka oyilo, ndiye pamene ukuthawira pamada. Khutu nalo limathandiza, pakuti mpweya wothawa umalira ngati njoka mukaponda mafuta.

Galimoto zambiri zili ndi chozizira mpweya chotchedwa intercooler, chofanana ndi rediyeta yaing'ono. Chikakhala kutsogolo cha kunsi chimagundidwa ndi miyala ndi zitsa za m'njira za kumunda, ndipo chimatha kung'ambika pa msoko. Makaniko wodziwa ntchito amatseka mapaipi mbali zonse, napopera mpweya pang'ono, pafupifupi theka la bar, kenaka n'kuwaza madzi a sopo monga mmene timafunira bowo la chubu cha njinga. Pamene pakuchita thovu ndi pomwepo. Asapopere mpweya wambiri wa kompuresa, chifukwa angaphulitse zimene zinali zabwino.

Musaiwale makoswe. Galimoto yogona pafupi ndi nkhokwe kapena m'shedi yosungiramo matumba a chimanga imasanduka nyumba yawo, ndipo amakonda kutafuna timapaipi tating'ono ta mphira ndi mawaya opita ku masensa. Kapaipi kochepa ngati pensulo kangathe kufooketsa pikiapu yonse.

Tsopano za supercharger yeniyeni. Pano lamba ndiye mwini nkhani, monga ndinaonera ine. Kupanikiza mpweya kumafuna mphamvu yambiri, ndipo mphamvu yonseyo imadutsa pa lamba. Lamba wotha, wonyowa ndi oyilo wodontha kuchokera mu injini, kapena wosakungika bwino amagwira ntchito pamalo osalala koma amaterereka pa chitunda. Zizindikiro zake ndi kulira kuja koti tswiii, fumbi lakuda pafupi ndi mapule, fungo la mphira yopsa, ndi geji imene imakwera kenaka n'kugwa pamene injini ikuthamanga kwambiri. Posintha lamba onani ndi chomukungitsa chomwe, popeza lamba watsopano pa chokungitsa chofooka satha miyezi. Ndaonapo anthu akupaka sopo kapena kuthira mafuta a mabuleki pa lamba kuti asiye kulira. Phokoso limasiyadi, koma kuterereka kumawonjezeka.

Chachiwiri ndi valavu yolambalalitsa mpweya, imene amakaniko amati bypass. Galimoto ikamayenda pang'onopang'ono valavuyi imatseguka kuti mpweya uzingozungulira osapanikizidwa, mafuta asawonongeke. Mukaponda imayenera kutseka ndithu. Ikakakamira yotsegula chifukwa cha litsiro, kapena chimene chimaikoka chikafa, supercharger imazungulira bwinobwino koma mpweya umangobwerera kumene wachokera. Zili ngati kutunga madzi ndi ndowa yobooka. Supercharger zina, monga ya Nissan Note, zilinso ndi kilatchi ya magetsi pa pule yake, yofanana ndi ya makina oziziritsa m'galimoto. Fyuzi ikapsa kapena waya akaduka kilatchiyo sigwira, pule imangozungulira yokha, ndipo galimoto imayenda ngati injini wamba yaing'ono. Fyuzi ndi chinthu cha mtengo wa botolo la zakumwa.

Zonsezi zikapezeka kuti zili bwino, pamenepo ndi pamene tingayambe kukayikira supercharger mwini wake. Ya mtundu wa Roots ili ndi oyilo wakewake pang'ono kumutu kwake, wosiyana ndi wa mu injini, ndipo eni galimoto ambiri sadziwa n'komwe kuti aliko. Akatha magiya ndi mabering'i amayamba kulira. Phokoso la gwedegwede injini ikangolira yokha kawirikawiri limachokera ku kachipangizo kolumikiza pule ndi magiya, kamene kamasinthidwa pakokha. Supercharger yotheratu imadziwika poitsegula: mkati mwake mumakhala mikwingwirima yakuya, ndipo kawirikawiri mwini wake anayendapo nthawi yaitali ndi fyuluta yong'ambika.

Kwa inu a mapikiapu, malole ndi mathirakitala a turbo, zonse takamba za fyuluta, mapaipi ndi intercooler ndi zanunso, kungoti lamba mulibe. M'malo mwake onani ngati utsi sukuthawa usanafike pa turbo. Gasiketi ya ekizozi ikapsa pamakhala mwaye wakuda pambali pa injini ndi kaphokoso kothetheka m'mawa. Onaninso kachitseko kotchedwa wastegate, kamene ntchito yake ndi kutaya utsi wina boost ikakwana. Kakakakamira kotsegula ndi dzimbiri, turbo sithamanga. Injini zatsopano za dizilo zili ndi timapiko tosuntha mkati mwa turbo timene timamatidwa ndi mwaye, makamaka pa galimoto imene imangoyenda maulendo afupiafupi a m'tauni. Zikatero kompyuta imadula mphamvu mwadala pofuna kuteteza injini, ndipo mukazimitsa n'kulizanso mphamvu imabwerera kwa kanthawi. Mukaona khalidwe limeneli dziwani kuti kompyuta yaonapo kanthu, ndipo kamakina kaja kangakuuzeni poyambira.

Mtundu wa utsi umanena zambiri. Utsi wakuda pa dizilo umasonyeza kuti mafuta achuluka kuposa mpweya, choncho funani pamene mpweya ukutsekeka kapena kuthawira. Utsi wobiriwira ngati mtambo, wonunkha oyilo, umasonyeza kuti oyilo akupsa, ndipo mwina turbo yayamba kumutaya. Makaniko achotse paipi yolowera, injini itazima, agwedeze kamtengo ka pakati ndi zala. Kugwedera pang'ono cham'mbali n'kwachibadwa, koma timapiko tikamakhudza khoma kapena tikakhala tobenthuka, turbo yatha. Imeneyo musayende nayo, pakuti injini ya dizilo ingathe kuyamba kumwa oyilo wakeyo n'kuthamanga yokha osazima ngakhale mutachotsa kiyi. Turbo imazungulira maulendo oposa 100,000 pa mphindi imodzi itayandama pa oyilo, n'chifukwa chake oyilo wakuda wokhalitsa amaipha msanga. Mukafika pamwamba pa phiri ndi katundu, kapena thirakitala ikangomaliza kugaula, lolani injini ilire yokha mphindi imodzi kapena ziwiri musanazimitse.

Galimoto imene ikufooka koma yosatulutsa utsi wakuda mwina vuto lake si mpweya konse, koma mafuta. Pa nthawi ya kusowa kwa mafuta, monga zinachitikira mu 2011 ndi 2012 komanso mu 2022 mpaka 2024, anthu ambiri anagula mafuta a m'zigubu m'mbali mwa msewu, ena osakaniza ndi madzi kapena parafini. Fyuluta ya mafuta ikatsekeka injini ya turbo imatulutsa utsi wochepa mphamvu, turbo nayo imachedwa, ndipo geji imaonetsa boost yotsika pamene turbo ilibe mlandu. Ekizozi yotsekeka mkati imafooketsanso galimoto chimodzimodzi. Ngakhale kilatchi yotha ndi mabuleki ogwira zimanamiza anthu. Ndipo tinene zoona, galimoto yolembedwa kuti inyamule tani imodzi mukaisenzetsa matumba 40 a makilogalamu 50, amenewo ndi matani awiri, ndipo palibe makaniko angaichize.

Pali machiritso ena a m'mbali mwa msewu amene sindigwirizana nawo. Kumanga paipi yong'ambika ndi malegeni kungakufikitseni kunyumba usiku umenewo, koma mphira ya chubu imasungunuka ndi oyilo ndi kutentha, ndipo zidutswa zake zingalowe mu injini. Choopsa kwambiri ndi kumanga wastegate ndi waya kuti isatseguke, kapena kuika pule yaing'ono pa supercharger kuti izithamanga kwambiri. Galimoto imauluka ndithu sabata yoyamba. Koma mpweya wopitirira muyeso umatenthetsa injini, ndipo pa injini ya petulo umayambitsa kugogoda kumene kumaboola mapisitoni. Ndalama imene munkapewa kugulira paipi mudzailipira kakhumi.

Mukapita ku galaja, pemphani mwaulemu kuti makaniko akuonetseni muyeso umene wapeza ndi umene buku likunena, ndiponso akuonetseni ndi chala pamene pawonongeka. Makaniko wabwino sakwiya nazo. Ngati zafikadi pogula supercharger kapena turbo ina, tengani nambala yolembedwa pa yakaleyo chifukwa zambiri zimafanana kunja kokha, ndipo yogula pa msika wa zitsulo zakale muizungulitse ndi dzanja ndi kuyang'ana mkati musanapereke ndalama. Funsaninso chimene chinapha yoyambayo, kaya ndi fumbi, kaya ndi paipi ya oyilo yotsekeka, pakuti chikapanda kukonzedwa chidzaphanso yatsopanoyo. Chitsulo chakale muchitenge, ndi chanu. Lamba wanga wakale uja ndinamusunga m'buti pamodzi ndi sipana yake, kuti wina akadzaduka pakati pa Thabwa ndi Blantyre ndidzakhale ndi chofikira nacho kunyumba.